Pilato Anasamba M'manja, Ayuda Nasenza Mlandu

Chikhulupiriro cha Atumwi, chimene Akhristu ambiri amachinena pamodzi Lamulungu lililonse, ku Nkhoma ndi ku Chipata monganso ku Geneva ndi ku Rome, chimatchula munthu mmodzi yekha pa nkhani ya imfa ya Yesu. Munthuyo ndi Pontiyo Pilato, kazembe wa Aroma. Mulibemo dzina la Myuda woimbidwa mlandu. Komabe kwa zaka pafupifupi 1,800 mpingo umene unkanena mawu amenewa m'mawa unkaphunzitsa madzulo kuti anapha Yesu ndi Ayuda; osati ena mwa iwo ayi, koma mtundu wonse, amoyo ndi osabadwa omwe. Chiphunzitso chimenechi ndi bodza pa mbiri, n'chopotoka pa zaumulungu, ndipo chinaphetsa anthu. Pa mfundo ziwiri zoyambazo mipingo ikuluikulu inavomera kale, ngakhale kuti inavomera dzuwa litapendeka. Pa yachitatu mpamene pakali kuzemba, ndipo kuzembako kwavala mkanjo wa ukatswiri.

Ozembawo amati pali zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi kutsutsana ndi chipembedzo cha Chiyuda, mkangano wakale wa ziphunzitso umene Myuda ankatha kutulukamo pobatizidwa. Chachiwiri ndi chidani cha mtundu, chimene chinabadwa m'zaka za m'ma 1800, chinatchuka ndi dzina lakuti Antisemitismus kudzera mwa Wilhelm Marr mu 1879, ndipo chinkayang'ana magazi osati chikhulupiriro. Amapereka umboni wolemera: Edith Stein anabatizidwa, anakhala sisitere, koma anaphedwabe ku Auschwitz mu 1942. Kotero, amatero iwo, chipani cha Nazi chinali chachikunja ndipo mpingo ulibe chochita ndi ng'anjo zake. Kusiyanitsaku kuli ndi choonadi chake. Vuto n'lakuti kumagwiritsidwa ntchito monga mbale ija ya madzi imene Pilato anaitanitsa.

Nkhani iyambe ndi mtanda weniweniwo. Kupachika munthu chinali chilango cha Aroma, chosungidwira akapolo ndi oukira boma. Atagonjetsa Spartacus m'chaka cha 71 Khristu asanabadwe, Aroma anapachika anthu pafupifupi 6,000 m'mbali mwa msewu wolowera ku Rome. Chikwangwani chimene chinakhomedwa pamwamba pa Yesu chinkanena za ufumu, ndiye kuti mlandu woukira Kaisara. Pilato amene analamulira Yudeya kuyambira cha m'ma 26 mpaka 36 sanali munthu wa mtima wofewa wochita mantha ndi phokoso la khamu. Philo wa ku Alexandria amamufotokoza monga munthu wouma khosi ndi wankhanza. Josephus amasimba kuti anatenga ndalama za m'Kachisi n'kumangira ngalande ya madzi, ndipo anthu atadandaula anawatumizira asilikali obisa zibonga m'zovala wamba. Udindo wake unatha atapha Asamariya pa phiri la Gerizimu. Tacitus, Mroma amene analibe chifukwa chotetezera Ayuda kapena Akhristu, analemba kuti Khristu anaphedwa ndi Pilato mu ulamuliro wa Tiberiyo.

N'zoona kuti ena mwa akulu a ansembe anatengapo mbali. Koma mkulu wa ansembe wa masiku amenewo ankaikidwa ndi kuchotsedwa ndi kazembe wa Aroma, ndipo ngakhale zovala zake zaunsembe zinkasungidwa m'manja mwa Aroma. Anthu a m'maiko amene analamulidwa ndi atsamunda safunika kuwafotokozera kuti mfumu yoikidwa ndi boma imavina ng'oma ya yani. John Chilembwe anawomberedwa mu 1915 ndi asilikali achikuda otumidwa ndi boma la Nyasaland, koma palibe wanzeru zake amene analalikirapo kuti Amalawi onse ndi zidzukulu zawo ndi otembereredwa chifukwa cha imfa yake. Aliyense amadziwa kumene lamulo linachokera.

Nanga mlanduwu unasochera bwanji? Mabuku a Uthenga Wabwino analembedwa pakati pa zaka za 70 ndi 100, Aroma atagwetsa kale Yerusalemu ndi Kachisi wake. Otsatira Yesu anali kagulu kochepa kofuna kupulumuka mu ufumu wa Aroma, ndipo sikunali kwanzeru kulengeza kuti mtsogoleri wawo anaphedwa ndi boma monga woukira. Pa nthawi yomweyo anali pa mkangano woopsa ndi abale awo a m'sunagoge. Mawu aukali a pa Mateyu 23 kapena pa Yohane 8:44 ndi mawu a Ayuda okangana ndi Ayuda anzawo, monga mmene aneneri ankadzudzulira Israyeli popanda kuleka kukhala Aisrayeli. Mawu a mkangano wa pachibale akatoledwa ndi mlendo amasanduka nkhwangwa. Mpingo utadzaza ndi anthu a mitundu ina, liwu lakuti Ayuda, limene Yohane analigwiritsa ntchito pafupifupi ka 70, linaleka kutanthauza adani ena a m'nkhaniyo n'kuyamba kutanthauza anthu oyandikana nawo nyumba. Pilato ankayerayerabe m'badwo uliwonse, kufikira kuti mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia unamuika m'gulu la oyera.

Vesi limene lasenza katundu wolemera koposa ndi Mateyu 27:25, pamene khamu limavomera kutenga mlandu wa mwaziwo pamodzi ndi ana awo. Ngakhale munthu atalandira vesili monga mbiri yeniyeni, funso likhalapobe. Kodi anthu okwana m'bwalo limodzi, m'mamawa wa tsiku limodzi, angalumbirire bwanji mtundu umene ambiri ake ankakhala ku Alexandria, ku Babulo ndi ku Rome, osamvako n'komwe dzina la Yesu? Mneneri Ezekieli, m'mutu 18, anakana kale zoti mwana azisenza tchimo la bambo wake. Yesu mwini, malinga ndi Luka, anapempherera omupachika kuti akhululukidwe, ndipo Paulo m'kalata yake kwa Aroma anakana kuti Mulungu anataya anthu ake. Mpingo unali ndi mavesi onsewa patsogolo pake ndipo unasankha kumvera khamu. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo amanena zoona. Koma pa bwalo lililonse la mfumu mlandu wosaolawo umadikira mwini wake, superekedwa kwa munthu wongodutsa chifukwa chakuti ali ndi mfunda umodzi ndi wolakwayo.

Woyamba kudziwika kuti anaumba mlanduwu kukhala wa kupha Mulungu ndi Melito, bishopu wa ku Sardis, mu ulaliki wake wa Pasaka cha m'ma 170. Ulalikiwo ndi wokoma m'makutu, wolukidwa mwaluso monga ndakatulo, ndipo kukomako ndi mbali ya kuopsa kwake. M'zaka za 386 ndi 387 John Chrysostom analalikira maulaliki asanu ndi atatu ku Antiokeya, kunyoza sunagoge ndi mawu oyenera nyumba ya mahule. Chimene chinamukwiyitsa n'chochititsa chidwi: Akhristu ake ankapita ku zikondwerero za Ayuda ndi kuwalemekeza. Ndiye kuti chidanichi sichinamere chokha m'mitima ya anthu wamba. Chinachita kudzalidwa ndi kuthiriridwa kuchokera pa guwa. Augustine, mwana wa kumpoto kwa Africa, anapereka chiphunzitso chimene ena amachitcha chachifundo: Ayuda asaphedwe, koma akhale obalalika ndi otsika monga Kaini, kuti kuvutika kwawo kukhale umboni wa choonadi cha mpingo. Chiphunzitsochi chinapulumutsadi miyoyo, ndipo apapa angapo anachigwiritsa ntchito poletsa zipolowe. Koma kuuza anthu kwa zaka mazana ambiri kuti mnansi wawo anapha Mulungu, kenako n'kuwapempha kuti asamukhudze, kuli ngati kuyatsa moto m'tchire la mwezi wa Okutobala n'kuulamula kuti ulekezere pa mtengo wakutiwakuti.

Motowo sunalekeze. Mu 1096 magulu opita ku nkhondo yoyamba ya mtanda anapha Ayuda ku Speyer, Worms ndi Mainz, ndipo olemba mbiri achiyuda ndi achikhristu omwe amagwirizana pa chifukwa chimene ophawo ankapereka: n'kupitiranji kutali pamene adani a Khristu ali pakhomo? Mu 1190 Ayuda pafupifupi 150 anafera m'linga la ku York. Msonkhano wachinayi wa Lateran mu 1215 unalamula kuti Ayuda azivala mosiyana ndi Akhristu ndiponso kuti asaoneke pagulu m'masiku otsiriza Pasaka isanafike. Ku Toulouse kunali mwambo womenya Myuda khofi pagulu m'nyengo ya Pasaka. England inawathamangitsa mu 1290, Spain mu 1492. Wofufuza aliyense woona mtima amaona kuti kalendala ya zipolowe imatsatira kalendala ya mpingo: sabata imene Akhristu amakumbukira chikondi cha Mulungu inali sabata imene Ayuda ankatseka zitseko ndi mazenera. Zipolowe za ku Kishinev mu 1903, pamene Ayuda 49 anaphedwa, zinayamba pa tsiku la Pasaka lenilenilo.

Kuchokera mu mlandu woyambawo munabadwa wina woipa koposa. Mu 1144 mnyamata wina dzina lake William anapezeka atafa ku Norwich, ndipo patapita zaka zingapo mmonke Thomas wa ku Monmouth analemba kuti Ayuda anamupha motsanzira kupachikidwa kwa Yesu. Bodzali linafalikira mu Ulaya yense ndipo linawonjezeredwa kuti Ayuda amafuna magazi a ana achikhristu. Anthu a kum'mwera kwa Malawi amene anaona mphekesera za anamapopa zikuphetsa anthu osalakwa mu 2017 akudziwa kuti nkhani ya magazi siyembekeza umboni. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Ulaya mphekeserayo inapatsidwa guwa ndi tsiku la chikondwerero. Papa Innocent IV anaitsutsa mu 1247, koma mu 1475 Ayuda a ku Trent anazunzidwa ndi kuphedwa chifukwa cha imfa ya kamwana kotchedwa Simon, ndipo kamwanako kanalemekezedwa m'tchalitchi monga wofera chikhulupiriro kufikira 1965.

Aprotestanti asafulumire kuloza chala ku Rome. Mu 1543 Martin Luther anasindikiza buku lonena za Ayuda ndi zimene iye ankazitcha mabodza awo, ndipo m'menemo analangiza olamulira kuti atenthe masunagoge, agwetse nyumba za Ayuda, awalande mabuku a mapemphero, aletse arabi kuphunzitsa ndi kuwagwiritsa ntchito yakalavulagaga. Usiku wa pa 9 kufika pa 10 Novembala 1938 masunagoge a ku Germany anayakadi. Martin Sasse, bishopu wa mpingo wa Lutheran ku Thuringia, anasindikiza mwachangu kabuku ka mawu a Luther, akukondwera kuti motowo unagwera pa tsiku lobadwa la Luther. Julius Streicher, mkonzi wa nyuzipepala yachidani ya Der Stürmer, anauza khoti la ku Nuremberg mu 1946 kuti Luther akanayenera kukhala naye pa mpando wa oimbidwa mlandu. Streicher anali munthu wonyansa wofuna kudzipulumutsa, koma pa mfundo yokhayi anali atawerenga bwino.

Apa mpamene mpanda wolekanitsa chidani cha chipembedzo ndi chidani cha mtundu umagwa. Ganizo lakuti Chiyuda chili m'magazi ndipo ubatizo suchichotsa silinayambe ndi Marr. Linalembedwa m'malamulo ku Toledo mu 1449, pamene Akhristu ochokera m'mabanja achiyuda analetsedwa maudindo, ndipo malamulo a kuyera kwa magazi anafalikira m'mabungwe a mpingo wa ku Spain. Komanso sayansi ya mitundu ya chipani cha Nazi inalephera kupeza Myuda m'magazi a munthu. Malamulo a ku Nuremberg a 1935 atafuna kunena kuti Myuda ndani, anayang'ana chipembedzo cha agogo ake anayi, ndipo umboni wakuti munthu si Myuda unkachokera m'kaundula wa ubatizo. Makalata amenewa ankalembedwa m'maofesi a matchalitchi. Raul Hilberg, m'buku lake la 1961 lonena za kuwonongedwa kwa Ayuda a ku Ulaya, anaika malamulo akale a mpingo kumbali imodzi ndi malamulo a Nazi kumbali inayo: kuletsa maukwati, kuletsa maudindo, chizindikiro pa chovala, kutsekera anthu m'dera lawolawo. Mizere iwiriyo ikufanana ngati mwana ndi make. Mu 1939 akatswiri a zaumulungu anatsegula bungwe ku Eisenach lofuna kuchotsa Chiyuda chonse m'moyo wa mpingo, ndipo anatulutsa Chipangano Chatsopano chosefedwa. Hitler anaonera sewero la masautso a Yesu la ku Oberammergau mu 1930 ndi mu 1934, ndipo analiyamikira chifukwa cha mmene linkaonetsera Ayuda.

Palibe akunena kuti chiphunzitso cha mpingo chinalamula kupha Ayuda 6 miliyoni. Atsogoleri ena a Nazi ankadana ndi Chikhristu, ndipo panali Akhristu, monga anthu a m'mudzi wa Le Chambon ku France, amene anaika moyo wawo pachiswe pobisa Ayuda. Funso lenileni ndi lina. M'dziko limene anthu oposa 90 pa 100 alionse anali m'kaundula wa mpingo, n'chifukwa chiyani kuthamangitsa Ayuda kunaoneka chinthu chozolowereka kwa oyendetsa sitima, aphunzitsi ndi alembi? Hitler sanafunikire kufotokoza kuti Myuda ndi mdani. Anapeza munda wolimidwa kale. Ndipo ng'anjo zitazima, bodza lakale linali likadali moyo: pa 4 Julaye 1946 anthu a ku Kielce ku Poland anapha Ayuda 42, ambiri a iwo opulumuka ku chipululutso cha Nazi, chifukwa cha mphekesera yakuti anaba mwana wachikhristu. Kunalibe Hitler ku Kielce tsiku limenelo.

Kusintha kunabwera, koma amene anakoka chingwe ndi munthu wovulazidwa. Jules Isaac, katswiri wa mbiri wa ku France amene mkazi wake ndi mwana wake wamkazi anaphedwa ndi a Nazi, anafufuza mizu ya chimene anachitcha chiphunzitso cha kunyoza, anatenga mbali pa msonkhano wa ku Seelisberg mu 1947, ndipo mu 1960 anakaonana ndi Papa John XXIII. Papayo anali atachotsa kale, mu 1959, liwu lonyoza Ayuda m'pemphero la Lachisanu Loyera. Pa 28 Okutobala 1965 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unavomereza chikalata cha Nostra Aetate ndi mavoti 2,221 kwa 88, kunena kuti imfa ya Yesu isaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo kapena a lero, ndiponso kuti asaonetsedwe monga okanidwa kapena otembereredwa. Ichi ndi chinthu chachikulu. Koma asatero munthu kuti mpingo unali usanadziwe. Katekisimu wa msonkhano wa ku Trent, wa 1566, anaphunzitsa kuti ochimwa onse ndiwo anachititsa masautso a Khristu, ndipo kuti mlandu wa Akhristu ochimwa ndi waukulu kuposa wa Ayuda. Choonadi chinali m'buku kwa zaka 400. Chimene chinkalalikidwa ndi china. Ngakhale chikalata cha Vatican cha 1998, chotchedwa We Remember, chinabwereranso ku mpanda uja ponena kuti mizu ya chidani cha Nazi inali kunja kwa Chikhristu. Akatswiri achiyuda amene analemba Dabru Emet mu 2000 ananena mosamala ndi molondola koposa: Unazi sunali chipatso chosapeweka cha Chikhristu, koma popanda mbiri yaitali ya chidani cha Akhristu sukanagwira nthaka.

Wina angafunse kuti zonsezi zikukhudza bwanji chigawo chimene anthu ambiri sanaonepo Myuda. Choyamba, chidanichi chinafika kale kuno. South Africa inatsekera khomo Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya ndi lamulo la 1930, lobweretsedwa ndi D. F. Malan amene kale anali mbusa. Gulu la Greyshirts linayamba mu 1933. Ndipo mu 1936 sitima ya Stuttgart itabwera ku Cape Town ndi othawa oposa 500, aphunzitsi ena a ku Stellenbosch, kuphatikizapo H. F. Verwoerd, anatsogolera zotsutsa. Maina awiriwa owerenga akuwadziwa pa nkhani ina. Chachiwiri, anthu akuda ndiwo oyenera kuzindikira msanga mtundu wa bodza limeneli, pakuti anamvapo ulaliki wa temberero la Hamu, pamene vesi limodzi la m'Genesis 9, limene limatemberera Kanani osati Hamu, linakokedwa kuti likute kontinenti yonse ndi kuyeretsa ukapolo. Luso lake ndi limodzi: kutenga vesi, kulimata pa mtundu wa anthu, kenako kuloza kuvutika kwawo monga umboni wakuti Mulungu wavomereza.

Chachitatu, kusowa kwa Ayuda si katemera. England inakhala yopanda Ayuda odziwika kuyambira 1290 mpaka m'zaka za m'ma 1650, ndipo m'nyengo yomweyo Chaucer analemba nthano ya mwana wophedwa ndi Ayuda, Shakespeare n'kuumba Shylock. Chidani chimasungika bwino m'chinenero monga chimanga m'nkhokwe. M'Chichewa dzina la Yudasi ndi liwu lakuti Ayuda zimayandikana m'khutu, ndipo mwana womvera nkhani ya masautso pa Lachisanu Loyera sauzidwa kawirikawiri kuti Petro, Mariya, Yohane ndi Wopachikidwayo anali Ayuda monga Yudasi. Liwu lakuti Mfarisi lasanduka dzina la wachinyengo aliyense, chonsecho Afarisi ndiwo makolo a Chiyuda chimene chilipo lero. Omasulira Good News Bible ya 1976 anaona vutoli ndipo m'malo ambiri a Yohane analemba za akuluakulu a Ayuda. Koma kumasulira kumathera pa tsamba, ndipo chotsalacho chili m'manja mwa mlaliki ndi mphunzitsi wa ku seminale. Mbendera ya Israel yopachikidwa m'tchalitchi siyankha funsoli, pakuti munthu atha kukonda Ayuda a m'ulosi kwinaku akuphunzitsa kuti Ayuda enieni ndi akhungu okanidwa. Chimodzimodzinso, wodzudzula boma la Israel pa zimene limachitira anthu a ku Palestine ali ndi ufulu wonse wotero ndi umboni wa lero. Akangotola chithunzi cha opachika Khristu, wachoka pa ndale n'kulowa mu ulaliki wa Melito.

Amene akuganiza kuti chikalata cha 1965 chinatseka bwaloli aone zimene zinachitika ku Poway, m'chigawo cha California, pa 27 Epulo 2019, tsiku lotsiriza la Pasaka ya Ayuda. Mnyamata wa zaka 19 analowa m'sunagoge ndi mfuti, anapha mayi mmodzi ndi kuvulaza anthu atatu, kuphatikizapo rabi. Sanali wachikunja. Anakulira mu mpingo wa Chipresibiteriyani, ndipo kalata imene anaika pa intaneti inasakaniza nkhani za kuyera kwa mtundu wa azungu ndi mavesi a m'Chipangano Chatsopano, popanda kuona mpanda uliwonse pakati pa ziwirizo. Pa zifukwa zake anatchula imfa ya Yesu, ndipo anatchulanso Simon wa ku Trent, patatha zaka 54 chichotsereni dzina la kamwanako pa guwa.